Mwendo wa a Winai ndi Manja a Mayi Lamduan

Malemu amene tasonkhanira pano, Bambo Winai Nunthong, anabadwa pa 9 Malichi 1957 m'mudzi mwathu momwe muno, m'boma la Phatthalung. Anali mwana wachiwiri mwa ana atatu a Bambo Khlai ndi Mayi Phian, amene onse anatsogola kale. Woyamba kubadwa ndi achemwali athu a Prakhong, amene akhala kutsogolo kunowa. Chitsirizira ndine Samran, ndipo banja landipatsa pepalali kuti ndiwerenge.

Ansembe athu olemekezeka, akuluakulu a mudzi, anzawo a malemu ochokera ku Hat Yai, ndi inu nonse anamalira, ndipepeseretu. Mbiri ya mwamuna imawerengedwa mkazi wake ali pampando wakutsogolo. Lero mpando uwo ulibe munthu. Alamu anga, Mayi Lamduan, akhala padothi kuseri kwa khitchini ya kachisi, pansi pa mtengo wa bwemba. Chimwalirireni amuna awo sanalawe kanthu, chonsecho ndi munthu wodwala shuga, ndipo akomoka kale kawiri. Akuti anapha amuna awo ndi manja awo, ndipo enafe tawathandiza kukhulupirira zimenezo. Ndapempha kuti chimkuzamawu chimodzi achilozetse kumeneko. Mbiriyi ndikuwerengera inu, koma makamaka iwo, chifukwa ndikuopa kuti sabata yamawa tidzasonkhananso pano pa maliro ena.

Malemu anayamba sukulu mu 1964 pakachisi pomwe pano. Makolo athu ankacheka mitengo ya labala, ndipo ife ana ntchito yathu inali yotunda utomoni wake kupita nawo ku shedi. Kumeneko amayi ankauthira asidi pang'ono, n'kugwirana ngati chambiko. Mu Novembala 1968 bambo athu analumidwa kuphazi ndi njoka ya kapa pakati pa mizere ya labala. Amene munaonapo munthu wolumidwa ndi njoka imeneyi mukudziwa. Magazi ankatuluka m'nkhama, m'mphuno, ngakhale pakabala kakale kometera ndevu, osaleka. Malemu anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Anathamangira ku shedi n'kubwera ndi botolo la asidi lija kuti athire pabala, poganiza kuti chogwiranitsa labala chigwiranitsanso magazi. Amayi anawamenya padzanja, botolo phwa! Bambo anamwalira tsiku lachitatu, ndipo malemu anakula ndi funso limodzi lomwelo: n'chiyani chimene chimagwiranitsa magazi a munthu?

Mu 1970 anapita ku sekondale m'tauni. Ankagona kukachisi wa kumeneko, kutsuka mbale za ansembe n'kumadya zotsala. Achemwali athu a Prakhong anasiya sukulu n'kulowa m'munda wa labala kuti mlongo wawo aphunzire. Zimenezi ndikuzinena dala, kuti pasapezeke wina woganiza kuti achemwali sankamukonda munthuyu. Mu 1976 malemu anasankhidwa kupita ku sukulu ya ukachenjede ku Bangkok, ndipo mu 1980 anamaliza maphunziro a sayansi ya za m'thupi. Chaka chomwecho analembedwa ntchito yophunzitsa ndi kufufuza ku Hat Yai.

Mu 1983 anagwa panjinga yamoto akubwera kumudzi kuno, phewa n'kuguluka. Tinawatengera kwa amayi ena a kutsidya kwa ngalande amene ankadziwa kutikita thupi, koma amene anagwira ntchitoyo anali mwana wawo wamkazi, a Lamduan. Malemu anakuwa mudzi wonse unamva. A Lamduan anangoti, “Munthu wophunzira chonchi, kulira ngati mbuzi yomangidwa?” Phewa linachira mwezi womwewo, koma akuluwa anapitabe kumeneko chaka chathunthu, lero khosi, mawa msana, mkuja chala. Ukwati unachitika pa 12 Meyi 1984, ndipo pa 2 Seputembala 1987 anadalitsidwa ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, a Thawat.

Kuyambira 1989 mpaka 1993 malemu anali ku Japan kumene anakatenga digiri ya udokotala wa sayansi. Atabwerako anapitiriza ntchito ku Hat Yai mpaka kupuma kwawo. Ine moyo wanga wonse ndinali dalaivala wa basi, za sayansi sindizitola, koma izi anandiuza kambirimbiri mpaka zinalowa, ndipo muyenera kuzimva kuti mumvetse imfayi. M'magazi mwathu muli puloteni wina dzina lake thurombini. Munthu ukatemeka, iyeyu ndiye amagwiranitsa magazi kuti bala litsekeke. Zimenezo anthu ankazidziwa kale. Chimene chinkawasowetsa mtendere malemu n'chakuti ntchito ya thurombini siithera pamenepo. Akatseka bala, amakagogoda pa maselo, tizidutswa tating'onoting'ono timene timapanga thupi, n'kuwauza kuti kuno kwagumuka, berekanani. Maselo aja amamva, n'kuyamba kuchulukana mpaka mnofu watsopano utamera. Malemu ankafuna kudziwa kuti amagogoda pakhomo liti, ndipo uthengawo umayenda bwanji m'kati mwa selo.

Ankanenanso kuti khansa ndi mbala yochenjera. Imadzutsa thurombini popanda bala lililonse, kuti azingoiuza kuti kula, kula. N'chifukwa chake munthu wa khansa magazi ake amatha kuundana m'mitsempha popanda chifukwa chooneka. Ophunzira awo muli pano, ndipo mukukumbukira zimene ankakuuzani chaka ndi chaka: mwendo umodzi ukatupa, ukatentha, munthu asanagwe pena paliponse, musautikite, chifukwa chibulumwa cha magazi chingathothoke n'kukatseka mapapo. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo mukamuyang'anenso m'mimba. Mawu omwewa anawauzanso akazi awo kunyumba.

Maselo awo ankawaweta m'timbale tagalasi n'kumawamwetsa timadzi tofiira. Analibe tchuthi. Ngakhale pa chikondwerero cha chaka chatsopano, ife tikuthirana madzi m'misewu, iwo anali panjinga kukadyetsa maselo. Ukafunsa alamu kuti achimwene ali kuti, ankangoti, “Apita kwa mkazi wamng'ono. Ine sindidandaula, mkazi mnzangayo sadya zambiri.” Akutero akuwalongedzera mpunga ndi nsomba ya msuzi wowawasa m'kachitini. Koma dzuwa likapendeka malemu ankabwerera kwa mkazi wamkulu. Ankagona pamphasa pakhonde n'kusanjika miyendo pa ntchafu za alamu, ndipo alamu ankawatikita uku akuwauza nkhani za mumsika. Zaka makumi anayi anachita zimenezi, kupatula zaka za ku Japan zija.

Mu 2017 malemu anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi kuno. Anadula labala wakale n'kubzala mitengo ya zipatso za duriyani. Alamu anatsegula kachipinda kotikitiramo anthu pambali pa nyumba. Ndikayang'ana m'khamuli ndikuona ambiri amene munalowa m'kachipindako mukukwawa n'kutulukamo mukuyenda. Ndikuonanso awiri amene alamu anakana kukugwirani, n'kukutumizani kuchipatala chifukwa cha mwendo wotupa. Simunaiwale, ndikudziwa.

Tsopano ndafika pa matenda awo, ndipo zambiri zimene ndinene pano ifenso tazimva dzana lomweli. Mu Epulo chaka chino malemu anayamba kuwonda. Tikafunsa ankati ndi kutentha. Mu Meyi anapita ku Hat Yai, akuti kukacheza ndi anzawo akale. Kumeneko Dokotala Orapin, amene anali wophunzira wawo, anawapeza ndi khansa ya kapamba itafika kale kuchiwindi, komanso magazi ataundana mumtsempha wa mwendo wamanzere. Malemu sanadabwe, anali atadziwerengera okha. Anawalumbiritsa adokotala kuti asauze munthu. Dzana adokotala anafika kunyumba misozi ili chuchuchu, akuti lumbiro limenelo sangalisungenso poona kuti likupha munthu wina wamoyo.

Adokotalawo anawapatsa malemu mapiritsi osungunula magazi, koma anawatayitsa magazi m'mimba. Anawasinthira jakisoni wodzibaya pamimba tsiku ndi tsiku. Jakisoni ameneyu amasiya timadontho takuda pakhungu. Malemu anabaya kangapo n'kusiya. Adokotala atawakalipira palamya, anayankha kuti, “Mkazi wanga amalidziwa thupi langa kuposa ine mwini. Akangoona kadontho kamodzi, wadziwa zonse.” Chimene ankabisira n'chiyani? Mwana wawo Thawat anali atavomera kumetedwa kuti akhale wansembe m'nyengo ya mvula ino. Ndi mwambo wathu kuti mwana wamwamuna atero kwa miyezi ingapo, madalitso ake n'kupita kwa makolo, ndipo inu azimayi mukudziwa kuti mayi amalidikira motani tsiku limeneli. Alamu analidikira chibadwire mwanayo. Malemu anati pakhomo pa munthu wodwala mwakayakaya savina, choncho adzanena mwambowo ukadutsa.

Kuyambira mwezi wa Meyi womwewo anayamba kukana kutikitidwa. Lero akuti ndatopa, mawa akuti ndili ndi zidzolo, ndipo anayamba kuvala buluku lalitali kunja kukutentha chonchi. Alamu zinawapweteka kwambiri. Tsiku lina anandifunsa akupukuta m'maso, “Alamu, manja angawa akalamba kodi? Kapena ndayamba kununkha ine?” Pa 14 Julaye a Thawat anametedwa. Munawaona malemu akuzungulira kachisi atanyamula mbale ya unsembe ya mwana wawo yolandiriramo chakudya, akutsimphina koma akuseka, alamu akuvina patsogolo. Mwambo unadutsa bwino. Koma kunena kuja kunangokhala mawa, mawa.

Pa 6 Ogasiti masana ndinali pakhonde pawo. Ndinawapititsira nsomba, ndipo alamu anandipangira khofi. Zimene ndinene pano sindinachite kumva kwa munthu. Malemu anatulukira kuchokera kumunda akukoka mwendo. Atakhala pansi, alamu sanapemphe chilolezo, anangopinda buluku lija okha. Katumba anali wotupa. Alamu anabweza manja msangamsanga n'kufunsa kuti, “Bambo a Thawat, izi si zamagazi zanu zija?” Malemu anaseka, nati, “Mayi a Thawat, ine wophunzitsa madokotala, mwendo wanga womwe undipusitse? Ndaterereka pamakwerero pothyola duriyani. Tikitani.” Alamu anafunsanso kachiwiri, atawayang'ana m'maso. Malemu anati, “Iii, amayi inu, makani ngati apongozi anga!” Ndipo ananyamula mwendowo ndi manja awo n'kuusanjika okha pa ntchafu za akazi awo.

Alamu anagwira mwapang'onopang'ono, nkhope yawo itawala kuti amuna awo awabwerera. Sipanapite nthawi yaitali, malemu anadzambatuka atagwira pachifuwa, akubanika, milomo ikuda. Tinawanyamulira m'galimoto yanga. Ndayendetsa galimoto zaka zambiri koma tsiku limenelo msewu wa kutauni unanditalikira. Anatisiya tisanafike kuchipatala, mutu wawo uli pamiyendo ya akazi awo. Anali ndi zaka 67.

Kuchipatala anatiuza kuti chibulumwa cha magazi chinachoka kumwendo n'kukatseka mapapo. Atafunsa zimene zinachitika, alamu anafotokoza zonse osabisa, pamaso pa abale. Achemwali athu, mtima utasweka, anakuwa kuti, “Wandiphera mlongo wanga!” Mawu amenewo anafika kumudzi kuno mtembo usanafike. Pa mwambo wothira madzi padzanja la malemu, alamu atayandikira, azimayi anasendera kutali, ndipo wina anawakoka nsalu kuti abwerere. Kuyambira pamenepo alamu anakulunga manja awo onse awiri m'nsalu n'kuwapanira m'khwapa. Akuti manja amenewo asadzakhudzenso munthu, ngakhale mpunga. Ine ndinayesa kufotokoza zimene ndinaona pakhonde paja, koma ndani akanamvera dalaivala pa nthawi ngati imeneyo?

Ndinawafunsa Dokotala Orapin mosapita m'mbali ngati kutikita kuja ndiko kunathothola chibulumwacho. Anati palibe angadziwe. Munthu wosiya mankhwala chimatha kumuthothokera akukwera masitepe, ngakhale akutsokomola, ndipo khansa ija sikanawalola kuona chaka chamawa. Koma ine sindibisala kuseri kwa adokotala. Tinene kuti manja aja ndiwo anachithothola. Nanga anadziwa ndani? Alamu anafunsa funso lolondola, kawiri, kwa munthu woyenera kufunsidwa m'chigawo chonse chino. Pakhonde paja panali munthu mmodzi yekha wodziwa zoona, ndipo ndi amene agona m'bokosimu.

Pamaliro sitidzudzula wakufa, ndikudziwa, ndipo ansembe mundikhululukire. Koma achimwene, apa pokha munatilakwira. Munaopa misozi ya mkazi wanu kuposa imfa yanu. Munaona kuti kukana mwendo tsiku lija kunali kuulula, ndiye munasankha kuti mumuone akumwetulira kamodzinso. Chinali chikondi, sindikukana. Koma taonani pamene mwamusiya! Ndinakukondani, ndimakunyadirani, ndipo lero ndakwiya nanu kwambiri.

Mwana wawo ali apo, pamzere wa ansembe, mkanjo uli m'thupi. Lamulo mukulidziwa: wansembe sakhudza munthu wamkazi, ngakhale mayi ake omubala. Dzulo anapita pansi pa bwemba paja n'kuima chapatali, akuwachonderera amayi ake kuti amwe ngakhale phala. Iwo anangogunditsa nkhope pansi. Mwana akuona mayi ake akutha, manja ali nawo, koma sangawadzutse. M'mawa uno wandiuza kuti dzuwa likalowa amayi ake asanadye, avula mkanjowo pakati pa nyengo ya mvula kuti akawanyamule yekha. Ndiye kuti chimene bambo ake anasiyira mankhwala chidzakhala chapita pachabe. Ine ndayankhula nawo alamu mpaka mawu andithera. Amangoti, “Alamu, inu ndinu achifundo, mawu anu sawerengedwa.”

Malemu asiya mwana mmodzi, a Thawat. Asiya mchemwali wawo, Mayi Prakhong, ndi ine mng'ono wawo. Asiya adzukulu a kuchimuna ndi kuchikazi asanu ndi awiri, ndi ophunzira ochuluka amene lero akuchiritsa anthu m'zipatala za kuno kummwera. Asiyanso mkazi wawo, Mayi Lamduan, amene ndikuwawerenga pakati pa amoyo ndi mantha.

Banja likuthokoza ansembe a pakachisi pano chifukwa cha mapemphero a masiku onsewa. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anatilandira, ngakhale tinafika mochedwa. Tikuthokoza Dokotala Orapin chifukwa cholimba mtima n'kutiuza zoona. Tikuthokoza azimayi amene mwagona kukhitchini mukuphikira alendo, azibambo amene munamanga misasa ndi kututa mipando, ndi anzawo a malemu amene mwachokera ku Hat Yai ndi ku Bangkok. Mwalira nafe, ndipo sitidzaiwala.

Apa pepala latha. Chotsala ndi chakuti aliyense atenge duwa lake losema la mtengo akaike pansi pa bokosi, moto wotentha thupi uyatsidwe. Koma duwa loyamba ndi la mkazi wa malemu, ndipo ine sindiitana munthu wina iwo asanaike lawo.

Alamu, ndikudziwa mukundimva uko. Simunaphe munthu. Munafunsa, ananama, munawakhulupirira monga mmene munkawakhulupirira zaka zonse. Koma mwati mawu anga sawerengedwa, ndiye ndisiye inu.

Achemwali, ndatembenukira kwa inu. Ine ndine wamng'ono, sindinakulamulenipo chibadwire, ndipo lero sindikulamula, ndikugwada. Munamuphunzitsa munthuyu ndi msana wanu, n'chifukwa chake munakuwa, palibe akukuimbani mlandu. Koma mawu amene akupha alamu anatuluka pakamwa panu, ndipo palibe pakamwa pena pamene pangawabweze. Mwana wawo sangawagwire. Ine sandimvera. Mlongo wanu mwataya kale, sabwerera. Uyu yekha ndiye tingamupulumutse, ndipo ndi lero lomwe lino. Chonde, achemwali. Chonde.

Achemwali aimirira. Apatseni ndodo yawo. Inu a pamzere uwo, sendezani mipando adutse. Ayi, musawagwire mkono, asiyeni ayende okha mpaka pansi pa bwemba paja. Azimayi a kukhitchini, ikani phala pamoto, lisakhale lolimba. Enafe tikhale chete, ndipo pasapezeke wotsatira kukasuzumira.

Achimwene, inu munazolowera kudikiritsa anthu, lero dikirani ndinu. Mkazi wanu akabwera kudzakutsanzikani ndi dzanja lake, pamenepo muyende bwino, mukafike kumalo abwino, ndipo mzimu wanu ukause mumtendere.